Chipinda cha a Musataye

"Zitsulo zachabechabe? Bwerezaninso, a tcheyamani, ndimve bwino. Munthu sanathe n'komwe mwezi m'manda, inu mwayamba kale kuyeza chipinda chake ndi tepi."

Ameneyo anali wosoka nsapato wa pakona pa positi ofesi, atatseka khomo ndi thupi lake lonse, singano ili m'manja. A tcheyamani a bungwe losunga mbiri ya tauni ankafuna chipindacho chikhale ofesi yawo. Anangopinda tepi yawo n'kunena kuti pofika Lachisanu, chinthu chilichonse chimene palibe akudziwa mbiri yake chichoke.

Inu amene simunawaone a Musataye munamanidwa. Anali kalaliki wa pasiteshoni ya sitima, ndipo atapuma pantchito matenda awo anakula: sankatha kuona chinthu chakale chikutayidwa. Galimoto ya zinyalala ikadutsa, iwo ali pambuyo ndi njinga, jekete likuuluka. Dalaivala mpaka anatopa, anayamba kuima yekha pageti pawo n'kuliza hutala kuti adzasankhe.

Bungwelo analiyambitsa ndi iwowo, anthu atatu ndi chipinda chimodzi. Munali mpando wa wometa woyamba wa m'tauniyi, chitseko cha basi, sikelo ya pamsika wakale, belu la sukulu long'aluka, ndi zina zoti ngakhale mbava inkangoziyang'ana n'kupitirira.

Akazi awo anataya simbi yamakala katatu, katatu konse inabwerera m'nyumba. Kachinayi anakaipeza pashelefu ya bungwe.

"Bambo, simbi yangayi yalowa liti m'mbiri?"

"Inasita malaya a ukwati wathu imeneyi, mayi. Ndipo musaigwire, ndi katundu wa anthu."

Wosoka nsapato naye sankapuma. Akawasinthira soli, a Musataye ankaima pompo dzanja lili chotambasula.

"Yakale ija ili kuti?"

"Ndataya, achimwene."

"Mwataya maulendo anga onse aja? Katoleni."

Ankakatoladi, akutukwana njira yonse.

Vuto linali timapepala. Chinthu chilichonse anachimangirira kapepala ndi ulusi, ndipo ponseponse analemba mawu amodzi okha: Ndifunseni. Wosoka nsapato anakangana nawo zaka ndi zaka.

"Achimwene, lembani zenizeni. Mutu wanuwo si kabati ya boma."

"Ndikalemba, awerenga n'kumapita. Akandifunsa, amakhala pansi."

Ankakhaladi pansi. Munthu wongothawira mvula ankatuluka dzuwa litapendeka, akudziwa amene anang'alula belu lija ndiponso chifukwa chake agogo ake anasiya sukulu chaka chomwecho. Mayi wina, mwamuna wake anali kondakitala, ankabwera mwezi uliwonse kudzafunsa za chitseko cha basi. A Musataye ankamufotokozera ngati akumva koyamba, osadumpha pamene kondakitalayo anaimitsa basi yodzaza kuti amufunsire.

Anamwalira m'mawa wina atakhala pampando wa wometa uja, kansalu kopukutira fumbi kali pabondo. Mbiri yonse anapita nayo. Chitereni, msewu wa kupositi uli zii. Mkulu wina anasiya wailesi yake yakufa pakhomo pa chipindacho monga mwa masiku onse, ndipo inakhala pamvula sabata yathunthu popanda woitola.

Ndiye wosoka nsapato, munthu woti sukulu anaisiyira panjira, anatseka ntchito yake masiku anayi. Anagula kope, n'kuyamba khomo ndi khomo. Anapeza zimene sankayembekeza: aliyense amene anakhalapo pansi m'chipinda muja anatulukamo ndi nkhani imodzi, ndipo anali nayobe. Telala ankadziwa za sikelo. Mkazi wa kondakitala uja ananena ya chitseko osaphonya liwu, mpaka ndi katsokomole ka a Musataye. Iye ankalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, misozi akuinamizira chimfine.

Lachisanu m'mawa anafika ndi kope lodzaza, mayi wamasiye wa a Musataye ali pambali pake atavala diresi yawo yabwino. Chitseko chinali chotsegula. M'kati munali mosesedwa, mukununkha penti. Lole ya ogula zitsulo inabwera dzulo lake masana. Pawindo panangotsala timapepala tija, titadulidwa ulusi, wina atatisanjikiza bwinobwino.

Mayiwo sanalire. Anatenga timapepalato n'kutiika m'chikwama, kenako anafunsa motsitsa ngati simbi nayo inapita.

Wosoka nsapato anawapezera mpando pamthunzi. Atatero anawoloka msewu, n'kukagogoda panyumba pa a tcheyamani ndi nyundo yake yokhomera soli, mpaka anthu a m'masitolo anatuluka.

"Munati Lachisanu. Lero ndi Lachisanu, mbiri ndi iyi m'kopemu. Tulukani, bambo, sindikugwirani. Mayi aja akhala uko akudikira. Mubwere muwayang'ane m'maso, muwauze ndi pakamwa panu kumene mwapititsa zinthu za amuna awo."