Vinyo Anasasira M'foni

Amene akuti ine Nachisale ndinamwa vinyo ku Itale abwere adzanene pamaso panga, osati kumanong'onezana m'basi ya kuno ku Dennistoun. Ndamva kuti Loweruka mukufuna kundichotsa pampando wa amayi a kutchalitchi chifukwa cha chithunzi chija ndagwira tambula yofiira. Chabwino. Koma inu Anaphiri, amene munayamba kuchimwaza, poto wanga wa pa ukwati wa mwana wanu akadali kwanu, ndiye khalani pansi mumve.

Mwana wanga Tiyamike, nesi uja, ndi mwamuna wake Kalamu, Msikoti, ananditenga kutchuthi ku Italeko pa boti la matanga. Botilo kuchepa ngati khitchini, moti kupewana ndi mkamwini kunavuta: iye kutsogolo ali pakabudula, ine kumbuyo nditafulatira, ndikudya azitona ndi chinsomba chokazinga cha miyendo yambirimbiri.

Tsiku lina mphepo inangoti zii. Nyanja inauma gwa ngati simenti, mbalame zinkatera n'kumayendapo, nsomba zimene zinadumpha zinkagogoda pamwamba kusowa polowera, ndipo Kalamu anakoka zingwe zonse mpaka thukuta lake linadzaza ndowa, koma boti osasuntha. Mukumva?

"Amayi, tigona pompano," anatero Tiyamike.

"Iwe, kwathu ku Dedza mphepo ikatha pouluza nyemba timatani?"

Ndinatenga thireyi ya tiyi, ndinathiramo mpunga, n'kuyamba kuuluza ndikuliza mluzu. Mphepo inandizindikira mawu. Inanyamuka ku Dedza komweko, inafika ndi fungo la kachewere ndi chipewa cha malume anga chimene chinauluka ndili mtsikana, inakankha boti, tinadutsa doko osaima, tinakwera phiri, tinalowa m'munda wa mphesa, boti likupsinya mphesazo mzere ndi mzere mpaka madzi ake anayenda ngati mtsinje, ndipo mwini munda anagwada kuthokoza poti tinamuthera ntchito ya chaka. Anatunga tambula n'kundipatsa ndi manja awiri. Munthu waulemu chotero mungamukanire?

Ndikulumbira pali bulauzi yanga yoyera ya kutchalitchi, anali madzi a mphesa, otsekemera ngati thobwa lophika lero. Kalamu anajambula. Koma paphiripo netiweki kunalibe, ndiye chithunzi chinakhala m'foni masiku ndithu, foniyo ili padzuwa. Nanga thobwa mukalisiya padzuwa limatani, amayi inu? Chimene ndinamwa ine chinali chotsekemera. Chinasasira m'njira, n'kufika kwa inu chili vinyo.

Choncho ngati pali woledzera, ndi amene wakhala akutsegula chithunzicho m'mawa ndi madzulo. Loweruka mundipeza pampando panga.

Anaphiri, mubwere ndi poto.