Galimoto Yanga ndi Mahampu a ku Tallaght

Lolemba
Mwezi wachisanu ndi chiwiri chitsekereni garaja yathu. Bwana pothawira ku Australia anandisiyira chigalimoto chakalekale cha ku America, chofiira, injini ili pamtunda, chokonza chosamaliza. Loweruka mwana wanga Tadala akulandira Ukaristia koyamba, ndipo ndamulonjeza kuti akafika ku tchalitchi pa galimoto imeneyi. Ndikufuna andioneko ndikumaliza kanthu chaka chino.
Zotsala: chesisi, mabuleki, kufupikitsa masipuling'i kuti ikhale yogwada.

Lachiwiri
Chesisi dzimbiri lokhalokha. Ndikawotcherera apa, pakubooka apo! Mayi a Tadala ali pakhomo: "Bambo a Tadala, basi ilipo." Ndikudzigonthetsa.

Lachitatu
Kuchotsa mpweya m'mabuleki kumafuna anthu awiri. Mayi a Tadala akupopa pedulo atavala masilipasi, uku akunditchulira mayina a alendo. Ine pansi pa galimoto ndikungoti eya, eya.

Lachinayi
Masipuling'i ndadula. Yagwada, yakongola, mpaka mtima ukuti myaa! Ndikuiyesa pa hampu ya mumsewu mwathu, kuno ku Tallaght. Ikudutsa, patsala mpata wa zala ziwiri. Umisiri sukalamba.

Lachisanu
Apongozi afika kuchokera ku Drumcondra, tsidya lina la mzinda uno, ndi alamu anga awiri, matupi odalitsika onse. Apongozi akuisisita galimoto: "Ife tikhala kutsogolo, mawondowa." Zimene ndinkati eya Lachitatu zija ndi zimenezi. Pa hampu paja galimoto ndinaiyesa ndili ndekha, m'mimba mulibe kanthu. Koma mkamwini angauze apongozi kuti akulemera? Ndayenda wapansi mpaka ku tchalitchi kuwerenga mahampu. Khumi ndi imodzi!

Loweruka
M'galimoto: ine, Tadala ndi diresi loyera, apongozi, alamu awiri, mapoto a mpunga pamiyendo. Mayi a Tadala atsogola pa basi.
Hampu yoyamba: khwee!
Yachiwiri: onse atsike, adutse wapansi, akwerenso.
Yachitatu: apongozi akuti satsikanso. Ndikuyesa pang'onopang'ono. Galimoto yakhala pamimba, matayala akumbuyo akuzungulira m'malere.
Misa yatsala pang'ono kuyamba. Tadala sakulira, akungondiyang'ana, ndipo bola akanalira. Ndikumunyamula paphewa, liwiro la mtondo wadooka, suti ndi nsapato zothina. Tikulowa anzake atafola kale. Walandira. Pa diresi, mbali zonse ziwiri, pali zala zanga zakuda.

Lamulungu
Galimoto ikadali pa hampu. Aneba akuilambalala, ena akuijambula. Apongozi akuti sanakwerepo galimoto yaulemu chonchi, yogwadira chilichonse. Sipuling'i ukadula sibwerera.
Tadala wandipeza ndakhala m'mphepete mwa msewu. Ndikupepesa m'Chichewa, iye akuyankha m'Chingerezi chake cha kuno kwa azungu, akufunsa ngati galimotoyo idzakhala itatha podzalandira Ulimbitso. Zaka zinayi zikubwerazi. Sakuseka, akufunsa zenizeni. Mwanayu amandikhulupirirabe, ndipo zikundiopsa.
Ndati tiona. Ndikupita kukabwereka jeke.