Yankho Asukusule Yekha Pofika Lamulungu

Lolemba

...ndiye ndikuwauza kuti ine pa zaka zitatu ndinkadzuka ndekha tambala asanalire, kusamba ndekha, kuvala ndekha, kenako n'kukadzutsa amayi anga. Make Yankho akungoseka uku akusita. Nsanje basi!

Ndilembe bwino ndisaiwale. Mvula yagwa, tiyi waphuka, ndipo make Yankho awalemba ntchito yotchola ku esiteti kuyambira Lolemba likudzali. Azichoka m'bandakucha. Ine kabaza wanga pa Chinakanaka amayamba nthawi yomweyo. Amayi oyandikana nafe avomera kumamuona mwana, koma akuti zomusukusula ndi kumuveka ayi, ali ndi awo anayi. Ndiye make Yankho akuti mwanayu akakhale kwa alamu anga a Esinta ku Milonde mpaka tiyi atachepa. Miyezi! Mwana wanga mmodzi yekhayu!

Ndakana. Ndapempha sabata imodzi. Pofika Lamulungu, Yankho, wa zaka zinayi, azichita izi osauzidwa:
1. kudzuka
2. kusukusula
3. kuvala diresi, mutu potulukira mutu
4. patapata, lakumanja kumanja
Akatero sapita. Ine ndinaphunzitsapo mbuzi kukhala phee pa kaliyala kuchokera m'tsinde mwa Chambe mpaka kumsika. Mwana wa munthu angandikanike?

Lachiwiri

Beseni ndaika. Sopo pambali. Diresi pampando. Ine chiriri, pakamwa ndatseka.

Yankho akundiyang'ana. Ine ndikumuyang'ana. Akuyang'ana beseni, akuikamo patapata, akuti ndi mabwato.

Ndikungonena pang'ono kuti sindikumuuza, koma nkhope imeneyo ili ndi manthongo okwana kudzaza thumba la feteleza. Mawu a make Yankho akuchokera panja: "Bambo a Yankho, kumeneko n'kuuza." Ndikutsokomola cholozera kubeseni. Akuti kutsokomolako n'kuuzanso. Nanga munthu asatsokomole m'nyumba mwake?

Zotsatira: kudzuka, ndamudzutsa. Kusukusula, ndamusukusula. Koma sopo wagwira yekha. Chiyambi chabwino.

Lachitatu

Nzeru zandipeza ndikupalasa pamtunda. Kusukulu ndani amauza ana mmodzimmodzi kuti lowani? Belu! Belu si pakamwa. Belu sauza munthu.

Ndalowetsa njinga m'nyumba. Kuliza kamodzi, kusukusula. Kawiri, diresi. Katatu, patapata. Taphunzira ngati masewera, ndipo mwana wagwira msangamsanga, mutu wa bambo ake. Ngiri! Ali pabeseni. Ngiri ngiri! Diresi lalowa, chakumbuyo kutsogolo, koma lalowa.

Pa siteji ndawafotokozera anzanga onse a kabaza. Ndawauza kuti akafuna ndiwaphunzitsire ana awo alembetse msanga, malo ndi ochepa. Make Yankho akungoyang'ana kumbali. Ndikudziwa, manyazi.

Lachinayi

Chinthu chimodzi sindinachiganize. Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu.

Kabaza aliyense wodutsa ali ndi belu. Ndipo anzanga aja, anthu opanda chisoni, lero onse njira yawo yadzera pakhomo panga, ena opanda ndi kasitomala yemwe.

Pofika masana:
kusukusula, kakhumi ndi kamodzi
madiresi, atatu, lina pamwamba pa linzake
sopo, watsala ngati khobidi
madzi a mumtsuko, the!

Nkhope ya mwana ikuwala moti ungametere ndevu. Make Yankho andipatsa ndowa, akuti mphunzitsi akatunge yekha. Ndaima pamzere ku mjigo, mwamuna ndekha, amayi akundifunsa ngati nanenso ndamva belu.

Sindibwerera m'mbuyo. Masiku atatu alipo.

Lachisanu

Anzanga aja ndawaletsa kuliza pakhomo panga, belu langa ndamasula. Ndamuuza Yankho kuti lapita kumudzi. Iye wakhala pamphasa, akudikira libwere.

Amayi oyandikana nafe akuti ndikuzunguza mwana. Akuti ana awo amasukusula okha chifukwa amadziwa kuti phala limadikira wosukusula. Chabwino, lamulo latsopano: wopanda kusukusula, phala ayi.

Yankho akuti alibe njala. Phala likuzizira. Ine mtima ukuzizira nalo. Kenako wabwera, wandigwira chala, diresi lili m'manja. "Ababa, mundiveke ndinu. Inu mumaveka bwino kuposa amama."

Munthu woona wotere ungamukanize? Ndamuveka. Ndamudyetsanso. Ndikutembenuka, make Yankho ali pachitseko, aona zonse kuyambira batani loyamba.

Loweruka

Lero nkhanza zenizeni. Zonse ndakonza, ndabisala kuseri kwa chitseko, ndalumbira kuti ngakhale denga ligwe sindiyankhula.

Wadzuka yekha! Chimodzi chatheka! Waima pabeseni. Akuitana: "Ababa, ndiyambe?" Ndikuluma lilime. Akuitananso. Akufunsa nkhuku. Nkhuku nayo yakhala mbali yanga, siyankha. Akudikira, akudikira, mpaka wabwerera pamphasa n'kufunda.

Apa ndaona vuto. Mwanayu zonse amazitha. Chimene akudikira ndi ine. Sabata yonse ndamuphunzitsa kuyang'ana pakamwa panga, pakhosi panga, pa belu langa. Miyendo yachita dzanzi kuseri kuja, makasitomala a m'mawa onse apita ndi ena.

Madzulo make Yankho amuuza kuti mawa akwera minibasi kupita kwa azakhali ku Milonde, kuli ana anzake ndi zinanazi. Wavina! Pamaso panga! Komabe mawa m'mawa likadali Lamulungu. Mpira sutha woimbira asanaimbe.

Lamulungu

Chondidzutsa ndi phokoso la madzi. Kunja kukungoyera kumene.

Yankho wakhala pachitseko. Kumaso mbee, mpaka kuseri kwa makutu. Diresi molondola. Patapata molondola. M'jumbo waikamo kapu yake ndi chidole. Palibe wamuuza, palibe belu, palibe chifuwa.

"Ababa, sukusulani msanga, minibasi itisiya."

Zinayi zonse! Ndikuwadzutsa make Yankho kuti aone, ndapambana, mwana sapita. Akuti zoona ndapambana, koma mawa kulibe minibasi yomudzutsa, ndipo ngati ndikufuna, ndimuuze ndekha kuti avule.

Ndagwada kuti ndimuuze. Wandionetsa mabatani, onse wamanga yekha, akudikira ndimuyamikire. Ndamuyamikira. Zinazo zakanika kutuluka.

Ndawanyamula onse awiri pa kaliyala mpaka pa siteji. Pokwera minibasi wakana kuti ndimukweze, akuti akwera yekha. Wakweradi.

Tsopano nyumba ili zii. Alamu anga alandira mwana wophunzitsidwa kale, ndipo ndikudziwa azikauza Milonde yonse kuti ndi ntchito yawo. Zilibe kanthu. Loweruka ndikupalasa kukamuona, ngakhale mvula igwe ya miyala.

Za zaka zitatu zija ndinanama. Amayi anga ankandisambitsa mpaka ndili sitandade thuu, ndipo ankachita kundithamangitsa kuzungulira nkhokwe.