A Zimitsani ndi chipaipi chawo

Achimwene anga ankadana ndi magetsi ngati mmene ena amadanira ndi njoka. Dzina lenileni anali nalo, koma aliyense ankangoti a Zimitsani. Kukangoda, ankayenda khomo ndi khomo pa nyumba zalendi zathu zija: "Odi! Tazimitsaniko babu lapanjalo, anzathuni." Magetsi akathima tauni yonse, anthu n'kumatukwana, iwo ankavina pakhonde ngati kwabadwa mwana.

Ntchito yawo inali yokonza mapaipi a madzi. Ndiye anatenga paipi yotsala, yonenepa ngati ntchafu, n'kuikamo magalasi, n'kuimangirira pa miyendo ya mpando wothyoka. Ankati akusaka mlalang'amba. Osati uwu wooneka ngati njira ya phulusa kumwambaku ayi, koma wina, wakutali, mudzi winawina wa nyenyezi. Anausaka zaka zitatu, ali ndi kapepala ka timadontho kamene anawapatsa mphunzitsi wina atamukonzera chimbudzi.

Alandilodi athu, mayi a pakamwa ngati lumo, anawabwerera tsiku lina manja ali m'chiuno.

"Bambo inu, chipaipicho mukusuzumira nacho akazi kubafa!"

"Mayi, kodi bafa lanu lili kumwamba?"

M'mawa mwake mayiwo anakoleka chibabu chachikulu pakati pa bwalo. Achimwene anakwera n'kuchivundikira ndi ndowa yapulasitiki. Ndowayo inasungunuka, ndiye inali ya alamu anga, akazi awo. Anadya mwano sabata yathunthu.

Usiku umene anaupeza mlalang'amba uja anakuwa, "Ndaupeza! Ndaupeza!" Anthu anatuluka ndi zibonga ndi matochi poyesa wakuba. Atelala, oyandikana nafe, anasuzumira m'paipimo.

"Mdima wokhawokha, akulu."

"Tochi yanuyo yakuphani maso! Kuwala kwa mlalang'ambawu kunanyamuka kwawoko zaka mamiliyoni awiri ndi theka zapitazo, kwangofika lero."

"Zaka zonsezo? Kuchedwatu kumeneko."

"Komabe kwafika. Nanga thalauza langa lija mukundisokera lifika liti?"

Anthu anaseka, n'kubwerera kukagona. Palibe anauona. Pajatu unali ndi malamulo ake. Ukhale mumdima nthawi yaitali, wopanda foni, wopanda macheso, maso azolowere. Ndiye usauyang'ane mwachindunji, umathawa. Uyang'ane pambali pake, ngati ukuba maso. Ndani ali ndi nthawi yoteroyo?

Kenaka m'maso mwawo munayamba ng'ala. Apa ndi pamene anandiitana ine, mlongo wawo wamng'ono.

"Iwe, maso anga akutha. Ndikufuna munthu mmodzi yekha wa magazi anga auone. Anthu asamati ndinapenga."

Ndinakhala nawo pabwalo, chibabu chija atachipotokola. Koma ndinali nditaima tsiku lonse pamsika, udzudzu ukundidya, ndipo ndinkabera kuyang'ana foni pansi pa nsalu. Iwo sankaona zimenezo. Nditaika diso m'paipi muja, munali bii.

"Waona?"

"Eee, achimwene, ndaona."

Anandigwira mkono. "Ukuoneka bwanji? Tandiuza."

"Ukuwala mbee! Ngati nyali ya galimoto."

Anandisiya mkono pang'onopang'ono. "Chabwino. Kagone, watopa." Chipaipi anachikulunga m'thumba, osachitulutsanso. Ngakhale zoyenda m'makomo anasiya.

Pamaliro a achimwene, alandilodi analira kuposa ife abale. "Kalanga ine, munthu wanzeru uja!" Anabweretsanso mababu ena awiri kuti olira aziona bwino. Achimwene anagona m'bokosi pabwalo pakuwala ngati pasitolo. Ndinadzuka n'kuzimitsa. Wina anayatsa. Ndinazimitsanso. Anandikhazika pansi, amvekere chisoni chamusokoneza mutu.

Sabata isanathe, mwana weniweni wa achimwene anagulula magalasi aja, paipi n'kukaiika potulukira madzi akuda. Ndiye lero chipaipi cha achimwene chili kubafa kwa alandilodi ndithu. Mayi aja analosera.

Masiku ano mababu amayaka mpaka m'mawa, palibe woodira pakhomo la munthu. Atelala amati pabwalo pano pazizira, koma thalauza lija ndawaona atavala okha.

Lachinayi lapitali magetsi anathima tauni yonse. Foni ndinaisiya m'nyumba. Ndinakhala pakhonde, udzudzu ndinauleka udye. Ndinayang'ana pamwamba pa denga la atelala, pamene achimwene ankalozapo masiku ngati ano. Panalibe kanthu. Maso atayamba kuwawa ndi misozi, ndinawatembenuzira pambali pang'ono. Ndiye ako! Ndi maso okha, opanda paipi. Kautsi kotuwa, kotalika pang'ono, ngati mpweya wa m'kamwa pagalasi.

Ndinalankhula ndekha ngati wamisala: "Achimwene, suwala ayi. Ndi wotuwa. Ndinakunamizani tsiku lija."

Nthawi yomweyo magetsi anabwera, chibabu chija chinati ngwee, ndipo nyumba zonse anthu anaomba m'manja.