Timapaipi ta a Wapampando

M'mudzi wina, womwe dzina lake ndaliiwala dala, munali chitunda chimodzi, galimoto imodzi ndi makomiti ochuluka kuposa nkhuku. Galimotoyo inali ya a Fulugensi Chimkwende, Wapampando wa Komiti Yoyang'anira Makomiti Onse. Injini yake inali ya tabo, chija chimapemerera mpweya kuti galimoto ikwere phiri ngati gwape. Koma ya a Chimkwende ikafika pachitunda chopita kubwalo la misonkhano, inkangoimba likhweru, fyoo, n'kuima.

Anthu ankasiya makasu n'kudzakankha, eni ake ali phee pachiwongolero, akugwedeza dzanja ngati mkwati. Poti mutu umodzi susenza denga, panabadwa Komiti ya Okankha, yokhala ndi Mlembi wa Tayala Lakumanzere, Wachiwiri kwa Woika Mwala, komanso a Matiyasi Kapalamula, Mkulu wa Bampala. Onsewa ankakankha akudandaula, akafika pamwamba n'kumwa thobwa akudandaulabe.

Chisankho cha wapampando chitayandikira, a Kapalamula anabwera ndi uthenga.

"Bwana, misana yatha. Anthu akuti mukatikankhitsanso tsiku la chisankho, mpando muuiwale."

A Chimkwende anadzambatuka pampando. Mpando umenewo anaukhalira mpaka unawumbika motsata thupi lawo, moti munthu wina sukanamuyenera n'komwe. Anathamangira kwa a Jolamu, makaniko wa patsinde pa mango, amene ankadzitcha Dokotala Wamkulu wa Mainjini Ovutika.

A Jolamu anatsegula boneti n'kutchera khutu.

"Bwana, tabo ilibe mlandu. Vuto ndi timapaipi ta labala iti. Tauma ndi moto wa injini, tang'aluka. Ntchito yake n'kuyamwa mpweya kuti tabo idzuke, tsono ito tikungoyamwa mphepo yapanja. Likhweru lija n'lomwelo. Tichotse tonse, tiike tatsopano."

"Kuchotsa?" A Chimkwende anacheukacheuka ngati amva zolaula.

M'mudzimo, muyenera kudziwa, munthu sankachotsedwa paudindo. Ankangosamutsidwa. Mlonda amene anagona mjigo ukubedwa anakhala Mlangizi wa Zachitetezo. Uja mbuzi za chitukuko zinathera m'mimba mwake anamutumiza ku Komiti ya Ziweto, poti mbuzi ankazidziwa mkati ndi kunja.

"A Dokotala, timapaipiti tatumikira injini imeneyi chichokereni kutsidya kwa nyanja. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ingotisinthanitsani malo."

"Bwana mwaganiza mozama," anatero a Jolamu, amene sankatsutsana ndi munthu wobwera ndi tambala m'khwapa.

Anazula tonse nthawi imodzi. Ka ku tabo anakakakamiza ku mabuleki ndi waya, ka ku mabuleki kanapita ku tabo, ndipo kena, kothetheka kuposa tonse, kanasowa polowa, kakungolendewera.

"Nanga aka?" anafunsa a Chimkwende.

"Aka ndi nduna yopanda unduna, bwana."

Chitunda galimoto sinakwerebe, koma inaphunzira luso latsopano: potsetsereka inaleka kuima. Inadutsa mpanda n'kukapumira pakati pa kabichi m'dimba la mayi Nachisale, akazi a Wapampando. Mayiwo anaweramuka pang'onopang'ono, khasu lili m'manja.

"Bambo a Esinta, ine ndinakwatiwa ndi mwamuna, osati pulawo. Pitani mukaike labala watsopano, apo ayi kabichi wa matayalayu mudya nokha mpaka mvula igwe."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ulendo uno a Jolamu anachotsa kamodzikamodzi, akuyeza katsopano pa kakale, kudula, kulowetsa, kumanga. Takale tija a Chimkwende sanalole kuti titayidwe. Anatikulunga m'kansalu, anatipatsa udindo wa Alangizi Apadera, n'kutigoneka m'kabokosi ka kutsogolo.

Tsiku la chisankho mudzi wonse unasonkhana m'munsi mwa chitunda, manja a malaya atapinda kale, pakamwa podzaza madandaulo okonzeratu. Galimoto inatulukira. Likhweru kunalibe. Inawadutsa vuu, fumbi koboo, ndipo a Kapalamula asanalavulire n'komwe m'manja, a Chimkwende anali ali pamwamba.

Anatsika monyadira, akukonza tayi. Pabwalo anapezapo mbuzi imodzi, nayo sinaombe m'manja. Atayang'ana kumunsi anaona anthu ataima chilili, palibe wokwera. Patapita nthawi a Kapalamula anafika okha, chipewa chili pamutu, chinthu chimene sanachitepo pamaso pa Wapampando.

"Bwana, mwatidutsa ngati zitsa."

"Si mumati misana yatha, a Kapalamula?"

"Kunena tinanena, koma munthu akamadandaula sindiye kuti mumulande chodandaulacho. Ine mawa ndikhala mkulu wa bampala ya yani? Woika Mwala akulira uko, mwala uli m'manja. Thobwa timwera chiyani? Anthu akuti mtsogoleri wokwera yekha alibe nafe ntchito."

"Ndiye akuti asankha yani?"

"Akuganizira a Selemani. Njinga yawo ilibe tcheni."

A Chimkwende anayang'ana anthu aja kumunsi. Njinga yopanda tcheni imafuna anthu tsiku lililonse, ngakhale pamalo osalala. Analowa m'galimoto, anatsetsereka mpaka kumunsi, anatsegula boneti pamaso pa mudzi wonse, n'kulengeza kuti atamva kulira kwa anthu, Alangizi Apadera abwezeretsedwa paudindo. A Jolamu analowetsa timapaipi takale tija mwaulemu, kamene kanali nduna yopanda unduna n'kukhala koyang'anira tabo.

Injini italira, likhweru linamveka, fyoo. Amayi analuluta. Amuna anatsamira bampala, Woika Mwala anapukuta misozi, ndipo galimoto inayamba kukwera ngati kamba wodwala nyamakazi, aliyense akulumbira kuti ulendo uno ndi womaliza.

A Chimkwende anadutsa popanda wopikisana nawo. Timapaipi tatsopano, poti nato sitikanachotsedwa, tinatumizidwa ukazembe kudimba kwa mayi Nachisale, kumene tikumangira tomato mpaka lero.

Pomwera thobwa madzulo ake, a Kapalamula anagwira msana n'kupukusa mutu.

"Mudzi uno," anatero, "ukusowa mtsogoleri wodziwa kukonza zinthu."