Mawindo a Bambo Sizimenezo

Pa anthu onse amene anakhalapo mumsewu uja, panalibe wovuta kumukhutiritsa ngati Bambo Sizimenezo. Dzinali sanabadwe nalo ayi, analipeza ndi pakamwa pawo. Ukawapatsa tiyi ankapsontha pang'ono, n'kupendeketsa mutu: "Si zimenezo." Wometa akamaliza ntchito n'kuwagwirira kalilole kunkhongo, yankho linali lomwelo, pamene pamutupo panali patangotsala titsitsi tochepa tosayenera n'komwe kukanganirana. Kale anali woyendera masukulu, ndipo anthu amati aphunzitsi akangomva kulira kwa njinga yawo yamoto, ena ankatsegula m'mimba nthawi yomweyo. Atapuma pantchito anasowa owayendera, ndiye anangoyamba kuyendera aliyense.

Koma amene anaona zakuda kuposa onse anali mlamu wawo, kalipentala wa pakona, mlongo wa akazi awo.

Nyumba ya Bambo Sizimenezo inali yakalekale, ya makoma ochindikala, ndipo amene anaimanga akuoneka kuti ankayeza ndi maso okha. Panalibe windo lofanana ndi linzake. Chiswe chinali chitadya mafelemu onse mkati n'kungosiya penti itaima yokha. M'mawa wina mayi a m'nyumbamo akuti atsegule windo la pabalaza, windolo linangotuluka lonse n'kukagwera pamaluwa, iwo n'kutsala ndi chogwirira kumanja.

Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito ya unamwino kutali, anaimba foni n'kunena kuti agule mawindo achitsulo a kusitolo.

"Achitsulo? Ndalakwa chiyani ine kuti ndimalizire moyo m'ndende?" anatero bambo akewo. "Nyumba ino inabadwa ndi matabwa. Itanani alamu."

Kalipentala anabwera ndi tepi m'thumba, atanyamula zidutswa za matabwa kuti asankhe. Bambo Sizimenezo anatenga chimodzichimodzi, kuchinunkhiza, kuchigogoda, n'kuchiika kukhutu ngati chiwauza nkhani.

"Uwu ndi mlombwa, alamu. Chiswe chimathyokerapo mano."

"Wada kwambiri. Udetsa m'nyumba."

"Nanga m'bawa uwu?"

"Kufiira ngati nyama ya pabutchala. Mukufuna ntchentche zisamukire kuno?"

"Chabwino, nayu paini. Woyera mbee."

"Paini si uja mumakhomera mabokosi a maliro? Mwatopa nane kale, alamu?"

Zikanatha chaka, koma achemwali ake a kalipentala anatulukira kuchokera kukhitchini, natola mlombwa n'kumupatsira mlongo wawo m'manja. "Uwu. Pita usanakalambe."

Windo loyamba kalipentala analikonza ndi mtima wonse. Analipala mpaka kuterera ngati tsaya la khanda, analigawa timagalasi ting'onoting'ono monga analili akale aja, n'kulipaka vanishi. Tsiku lolibweretsa pawilibala anthu ankaima mumsewu kuliyamikira. Atalilowetsa pakhoma, Bambo Sizimenezo anakhala pampando wawo, nayang'anitsitsa, mutu n'kuyamba kupendekeka.

"Si zimenezo. Timitengo tapakatiti tachuluka. Tikutchinga kuwala."

"Koma alamu, akale aja anali chimodzimodzi!"

"Akale aja ankawala."

Linabwerera pawilibala lomwelo. Lachiwiri linali la magalasi akuluakulu awiri okha. Ilo akuti galasi lake linali ndi nkhungu. Kalipentala anabwerera kwa wogulitsa magalasi, amene analumbira pali amayi ake kuti galasi loyera kuposa limenelo ndiye kuti ndi mpweya. Anasinthabe. Litasinthidwa, vuto linasamukira kukhoma: bowolo ndilo linali laling'ono. Anaitanitsa womanga, n'kugumula njerwa mbali zonse mpaka windo linakula ngati khomo la galaja. Ndiye kuti felemu yatsopanonso. Itakhala pamalo, mlandu unagwera mtengo wa mapeyala umene unali pabwalo chimangire nyumbayo. Unadulidwa. Mtengo utagwa, otsala oti aimbidwe mlandu anali akazi awo.

"Mayi, magalasi awa mumawatsuka koma?"

"Ndawatsuka m'mawa uno, bambo."

"Ndi madzi otsukira mbale kapena?"

Mawindo okanidwa anadzadza pashedi ya kalipentala. Popeza miyeso yake inali ya nyumba imodzi yokhayo padziko lonse, palibe amene akanawagula. Lina analiika pakhola la nkhuku zake, ndipo anthu ankabwera kudzaona nkhuku zogona m'nyumba ya mlombwa. Makasitomala ena anatopa kudikira matebulo awo n'kupita kwa amisiri ena. Mkazi wa kalipentala anafika pomufunsa ngati anakwatira iye kapena anakwatira alamu akewo.

Nthawi yonseyi n'kuti nkhondo ili pawindo limodzi. Ena onse a kuzipinda, amene anali atazulidwa kale, anangotsekedwa ndi makatoni ndi mapulasitiki, chifukwa Bambo Sizimenezo anati sangasankhe a kuchipinda la pabalaza lisanalongosoke. Mphaka wa aneba ankalowa ndi kutuluka ngati walipira lendi. Dzinja linadutsa, makatoni n'kufewa ngati buledi woviika. Kenako kunabwera nyengo yozizira, ndipo achemwali ake a kalipentala anayamba kutsokomola chifuwa chija chomvekera kumsewu.

Apa ndiye kalipentala zinamukwana. Anaganiza zowatchera msampha alamu akewo kuti nkhaniyi ithe. Tsiku lina masana, iwo ali m'bafa, anamasula magalasi onse a windo lalikulu lija, kuwabisa kuseri kwa nyumba, n'kusiya felemu yokhayokha. Kenako anawaitana.

"Alamu, ndabweretsa galasi lina, lochokera kunja. Taonani."

Bambo Sizimenezo anabwera akugwira m'mphepete mwa tebulo, nakhala pampando wawo. Dzuwa linali likulowa mpaka kukafika pamapazi awo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Si zimenezo. Ili ndiye lakuda kuposa lija."

Kalipentala anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anathamangira panja, nalowetsa mkono wonse pafelemupo, n'kumagwedeza zala kutsogolo kwa nkhope yawo.

"Galasi lake liti, alamu? Nanga mkono uwu wadutsa pati?"

Ankadikira kuti akalipa kapena aseka. Sanachite chilichonse. Maso awo anali tong'o, koma ankayang'ana pambali pang'ono, pamene panalibe mkono, panalibe munthu. Kalipentala anagwedezanso zala, pafupi zedi. Zikope sizinaphethire. Kuseka kunamuthera, mkono uli chilowetsere.

Bambo aja anadzuka pang'onopang'ono, natambasula dzanja kufunafuna galasi. Dzanjalo linapitirira mpaka panja, n'kugunda pachifuwa pa mlamu wawo. Anakhala atagwira malaya akewo kwa kanthawi.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "kunjaku dzuwa lilipo?"

"Likuswa mtengo."

"Oho." Anabwerera pampando. "Musawauze achemwali anu."

Iye anawauzabe, pakuti nkhani yotere sungaisunge m'thumba. Anawapeza kuseri akuchapa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Ukuganiza kuti ukundiuza zachilendo? Munthu amathira tiyi patebulo kapu ili apo. Nyuzipepala amaigwira chozondoka. Mipando ndimachita kuwachotsera m'njira."

"Nanga bwanji osanena, achemwali? Mtengo wapita, khoma lagumuka, inu chifuwa chikukupwetekani!"

"Ndinanenapo za kuchipatala, anakhala sabata osandiyankhula. Ndinaona kuti bola azilimbana ndi iwe. Akamakana mawindo amadzuka m'mawa, amasamba, amavala tayi. Ukufuna azidzukira chiyani?"

Namwino uja anabwera mwamsanga, nawakweza bambo ake m'galimoto ngati katundu. Adokotala anaunika n'kunena kuti si ng'ala yoti angaichotse. Matenda a shuga anali atawononga mkati mwa maso pang'onopang'ono, ndipo anachedwa kubwera. Amati Bambo Sizimenezo anatsegula pakamwa kuti ayankhe monga mwa masiku onse, koma anangotsekanso.

Kuchokera pamenepo ntchito inayenda mofulumira mochititsa mantha. Kalipentala anabwezera magalasi aja, nayamba mawindo a kuzipinda. Akabweretsa limodzi ankaliika pamiyendo pawo kuti alipapase. Zala zawo zinkayenda m'makona, m'mahinjesi, pachogwirira.

"Lili bwanji, alamu?"

"Lili bwino."

"Apa sindinapale mokwanira, mwamva kukhakhala?"

"Lili bwino, alamu. Ikani."

Tsiku lina kalipentala anachita dala kubweretsa lopotoka, loti ngakhale mwana angalione, kuti mwina awadzutse mkwiyo. Analipapasa, napeza popotokapo, zala n'kuima pomwepo. Kalipentala anadikira ndi chiyembekezo. Koma anangomusisita padzanja.

"Mwavutika nane, alamu. Ikani."

Kalipentala anabwerera nalo kushedi, nakhala pabenchi osagwira chida mpaka madzulo.

Bambo Sizimenezo tayi anasiya kuvala. Wometa ankabwera kunyumba, n'kumeta, n'kupita osamva liwu. Bambo aja ankangokhala pafupi ndi windo lalikulu lija, atatembenuzira nkhope kumene kukuchokera kutentha, ndipo dzuwa likasuntha akazi awo ankabwera kudzawasunthira mpando. Anthu odutsa ankawapatsa moni pawindopo, ena n'kuwaputa dala kuti kwacha bwino pamene kunja kuli mitambo. Iwo ankangovomera.

Anamwalira mvula isanayambe, windo la kuchipinda kwawo lili pashedi kudikira vanishi. Kalipentala analiikabe maliro atatha, ngakhale kuti panalibe amene anamufunsa.

Chifuwa cha achemwali ake sichinathe, choncho namwino uja anawatenga kukakhala nawo. Nyumba inagulitsidwa kwa wamalonda wina amene ankafuna posungira katundu. Kwa iyeyo windo linali khomo la akuba basi. A kuzipinda anawatseka ndi njerwa, mafelemu ali momwemo. Lalikulu lija analiwotcherera zitsulo kunja, ndipo mkati anasanja matumba a simenti mpaka kudenga, moti ukadutsa umangoona misana ya matumba itakanikiza galasi.

Msewu uja masiku ano ndi wofewa. Wometa amameta mokhota, anthu n'kuthokoza. Womanga amaika njerwa mmene wafunira. Kalipentala makasitomala anabwerera, amatenga matebulo awo osawatembenuza n'komwe kuti aone kunsi, ndipo iye amaweruka dzuwa likadalipo, n'kumasowa chochita ndi manja ake. Popita kunyumba amazungulira njira yakumsika, yaitali, kuti asadutse panyumba paja.

Achemwali ake amaimba foni mwa apo ndi apo, mawu atachepa, akupumira m'mwamba. Amafunsa za mkazi wake, za nkhuku, za amene wamwalira mumsewumo. Ndipo pomaliza amafunsa chimene anaimbira.

"Kodi anthu aja mawindo amatsegula koma? Nyumba ija imachita chinyezi ikakhala yotseka."

Kalipentala amayang'ana pansi, pa utuchi uli kumapazi kwake.

"Amatsegula, achemwali," amatero. "M'mawa uliwonse."