Tsiku Limene Njati Inawoloka Mukuvisi

Sekani ndithu, a Chisale, mano ndi anu. Ine ndangonena kuti anyamata awa amene akukangana pa zithunzi za m'foni, uyu akuti galimoto yabwino ndi ya m'tauni, uyu akuti ya kuthengo, akukanganirana nyama imene sanailawepo, ndiye inu mwayamba kale kupukusa mutu. Amene akuona kuti Lufeyo Mbewe ndi wabodza anyamule mpando wake akakhale padzuwa. Otsalanu senderani kuno, chifukwa ine ndinaimikidwapo pakati pa magalimoto awiri n'kuuzidwa kuti sankhapo imodzi, ndipo ndikanaphonya tsiku limenelo bwenzi lero ndili wamasiye, ndikudzichapira ndekha malaya.

Inali nyengo ija ndalama zinasanduka masamba, m'masitolo muli mashelefu okhaokha, munthu ukaona mzere umayamba waima kenako n'kufunsa kuti kodi kutsogoloko akugulitsa chiyani. Titachotsedwa kufamu kumene bambo anga anafikira pochokera ku Ntcheu, tinazunzika uku ndi uku mpaka tinatera kuno ku Hopley, m'mphepete mwa mzinda wa Harare, ine, mayi a Rudo ndi mwana wathu Rudoyo, amene anali kale mtsikana wamkulu. Ntchito ndinaipeza ku Workington, dera la mafakitale, ya udalaivala, pa kampani ina yowotcherera zitsulo. Bwana wake anali mzungu wokalamba, tinkamutcha Chindevu, ndipo zinthu zitafika pothina anaganiza zotseka n'kutsatira ana ake kunja. Anandiitana nati: "Lufeyo, penshoni yako ndikakupatsa ya mapepala, pofika pageti sigulanso dzira. Pita kuseri, kuli mapikapu awiri. Tenga imodzi."

Mukumva? Mapikapu awiri, a mtundu umodzi, injini yofanana, ana a mimba imodzi, koma makhalidwe kusiyana ngati m'busa ndi chidakwa. Yoyamba inali yoyera, yofupika, mipando yachikopa, wailesi, mphepo yozizira yotuluka m'timabowo, magalasi otsika okha ukangodina batani, dizilo imangonunkhiza osamwa. Imeneyo anyamata a pakampani ankaitcha Dona. Nditaiyesa ndinaika kapu ya tiyi pa boneti, ndinazungulira Workington yense, ndinadutsa Graniteside, njanji ndi maenje omwe, pobwerera tiyi uja anali asanatayike ngakhale dontho, ndipo kufewa kwake ndinagona tulo pa chiwongolero, galimoto n'kulowa yokha pageti, n'kudziimika pamthunzi, n'kudikira kuti ndidzuke.

Inayo inali Njati. Kutalika kwake munthu wamfupi ngati inu, a Chisale, mukanafuna makwerero. Matayala a mano ngati a ng'ona, chitsulo chakutsogolo chogwetsa mtengo, pa chitsulopo pali winchi, chija chokulunga chingwe cha waya chokokera zinthu, paipi yopumira injini yokwera m'mbali mwa galasi mpaka padenga, ndiponso kandodo kena pambali pa giya koti ukakakankha matayala onse anayi amagwirizana n'kumakoka limodzi. Wailesi munalibe, mpando unali ngati benchi ya kukhoti. Masipuling'i ake kuuma! Ndinali ndi dzino lakumapeto limene linandisautsa chaka chonse, adokotala atalilephera, koma nditangoponda kamwala pageti ndi Njati, dzinolo linazuka lokha, linamenya galasi, n'kugwera m'thumba la malaya.

Nkhani ngati imeneyi mwamuna saigamula yekha, choncho m'mawa mwake ndinapita nawo mayi a Rudo. Atangokhala mu Dona anavula nsapato, n'kukana kutsika.

"Iyi ndiye galimoto, bambo a Rudo," anatero. "Tizinyamula tomato ku msika wa Mbare m'mawa uliwonse, Loweruka tizinyamula akwati, Lamulungu kutchalitchi. Dizilo akusowa, inu mukufuna chilombo icho chomwa ngati ng'ombe? Kuthengo mukatengako chiyani, ndinu mlenje?"

Mawu awo anali oona onse, ndipo ine ndinazungulira magalimoto aja mpaka nsapato zinatha zidendene. Mtima unkafuna Dona, msana unkafuna Dona, ngakhale matako ankafuna Dona. Koma ndikatseka maso ndinkaona msewu wathu wa ku Hopley nthawi ya mvula, ndiye ndinati: "Mayi, kuthengo sitipitako ayi. Thengo latilondola lokha m'tauni muno." Ndinatenga makiyi a Njati. Ulendo wonse wobwerera kunyumba sanandiyankhule, mwina chifukwa cha mkwiyo, mwina poopa kudziluma lilime.

Miyezi yotsatira ndinavutika, sindibisa. Tomato tikanyamula ku Mbare ankafika kuno ali supu, mazira ankafika atasakanizika kale ongofuna mchere, mkwati mmodzi yekha amene tinamunyamula anafika kutchalitchi chovala kumutu chili kumapazi. Dizilo wa sabata yonse Njati inkammeza podutsa pa mphambano imodzi. Masiku ambiri inkangoima pakhomo, nkhuku za aneba zikuikira pansi pake, anthu akudutsa akuti sekuru Mbewe, agogo aja, anagula khola la matayala. Mayi a Rudo akamandipatsa chakudya ankangoti, "Idyani, a kuthengo." Panali masiku amene ndinkaiyang'ana galimoto ija n'kumadzifunsa ngati mutu wanga unali bwino.

Kenako mvula inabwera, ndipo pamodzi ndi mvulayo kunabwera kolera. Apa musaseke, a Chisale, inunso munaika anthu m'manda chaka chimenecho. Zitsime zinasakanikirana ndi zimbudzi, pampopi sipatuluka kanthu, maliro khomo ili ndi khomo ilo. Tsiku lina m'mawa mayi a Rudo anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, zoyera ngati madzi otsukira mpunga, ndipo dzuwa lisanafike pamutu maso anali atalowa mkati, khungu ukalitsina limangoima osabwerera, ndipo mawu aja amene ankamveka ku Mbare iwo ali ku Hopley anali atatha, kungotsala kamphepo. Rudo ankawamwetsa madzi a shuga ndi mchere, koma onse ankabwerera. Anatuluka panja n'kundigwira dzanja, akuti: "Baba, amayi akutisiya."

Ambulansi kunalibe, makombi, maminibasi athu aja, anali atasiya kulowa kuno, ndipo mneba wathu wina amene anali ndi galimoto yokongola yofanana ndi Dona anayesa kutithandiza, koma inangoyenda kuchoka pakhomo pake n'kukhala pansi m'matope ngati nkhuku yofungatira. Matenti a odwala kolera anali kutsidya kwa mtsinje wa Mukuvisi. Ndinathamangira ku Njati, kugogoda thanki, kumveka ngati ng'oma. Ndiye ndinathamangira kwa mayi wina wokazinga tchipisi pamsewu, ndinagwada m'matope, iye osafunsa zambiri anandipatsa chiwaya chonse cha mafuta akuda otsala, ndinawasefa ndi mpango wa mayi a Rudo, kuthira m'thanki, kuwonjezera parafini wa m'nyali, kupotokola kiyi, Njati inatsokomola, inayetsemula, kenako inabangula mpaka malata a nyumba zoyandikana anayamba kuvina.

Mukumva? Utsi wake unali fungo la tchipisi lokhalokha, m'chaka cha njala! Tinawagoneka mayi pampando, mutu pamiyendo ya Rudo, ndinakankha kandodo kaja, ndipo pamene tinkatuluka mu Hopley agalu onse a m'derali anali pambuyo pathu, pambuyo pa agalu pali mzere wa buledi umene unasiya sitolo n'kutilondola, pambuyo pa mzerewo pali wapolisi mmodzi atanyamula mbale. Matope ankafika m'magalasi, koma Njati inkawang'amba ngati khasu, moti m'ngalande zimene tinasiya anthu anabzalamo mbatata mawa lake.

Tisanafike pa phula tinagwera m'dzenje la pamsewu, ndipo dzenje lake silinali la masewera, tinatsika, tinatsika, kuwala kwa dzuwa kukuchepa, mpaka ndinayatsa nyali, ndipo pansi pake ndinapeza kombi yathunthu, anthu ali phee m'mipando kuyambira sabata yapitayo, hwindi wake, kondakitala uja, ali pakhomo akukuwabe kuti watsala munthu mmodzi tinyamuke. Nthawi yoima ndinalibe. Ndinatulutsa dzanja pawindo, ndinakoleka chingwe pa kombiyo tikuyenda, Njati inaluma khoma la dzenje ndi matayala ake n'kukwera chilili ngati buluzi, tinatulukira kumtunda kombi ili pambuyo, ndinaimasula, hwindi uja n'kundikalipira kuti ndamuchotsa pa siteji yabwino.

Titafika pa Mukuvisi mlatho sunkaoneka. Madzi ofiira, mitengo ikuyandama, anthu ataima m'mbali manja ali m'chiuno, onse akundibayibitsa kuti bwererani sekuru, mufa. Ndinayang'ana mayi a Rudo, milomo itauma ngati chikopa, ndinati kufa kuli kumbuyo, kufa kuli kutsogolo, bola kutsogolo. Tinatseka magalasi, ndinalowa. Madzi anakwera pa boneti, anakwera pagalasi, anatseka denga, kunja kunangotsala kamlomo ka paipi ija kakupuma, ife tikuyenda pansi pa mtsinje, mawaipa akukankha milamba, nkhanu ikutiyang'ana pawindo, ndipo pakati penipeni ndinapatukira firiji ya munthu imene inkabwera mbali yanga ya msewu. Rudo ankapemphera m'Chishona, ine m'Chichewa, kuti kumwambako wina asanamizire kuti sanamve. Tinatulukira kutsidya kumbuyo kwa pikapu kutadzaza nsomba.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Kutsidyako msewu wonse unali utatsekedwa ndi mzere wa magalimoto odikira mafuta, mzere wakalekale woti maungu anali atayanga pa matayala ndipo madalaivala ena anali atakwatira m'nyumba zapafupi. Kumanja nyumba, kumanzere nyumba, podutsa palibe. Ndinakweza maso, ndinaona nsanja zazitsulo zija zonyamula mawaya a magetsi, ndinakumbukira kuti magetsi anali atapita kalekale moti azimayi ankayanikapo zovala. Ndinaponya chingwe cha winchi pamwamba pa nsanja, ndinadina, Njati inanyamuka m'mwamba ngati chidebe cha pachitsime, ndinakhazika matayala pa mawaya awiri, n'kuyamba kuyenda pamwamba pa madenga, akhwangwala akutipatsa njira, ana pansi akuloza.

Ndiye tamverani tsoka la munthu wosauka. Magetsi amene anasowa miyezi yonseyo anasankha nthawi yomweyo kubwera! Ndinawaona pagalasi loonera kumbuyo, mababu akuyaka nyumba ndi nyumba, mawailesi akudzuka, azimayi akululuta, moto wobiriwira ukuthamanga pawaya kutilondola, ndinaponda mafuta mpaka phazi linatulukira pansi, tchipisi ikununkha Harare yense, magetsi ali pa chidendene, ine patsogolo, magetsi pambuyo, ine patsogolo, mpaka ndinaona matenti oyera pansi, ndinakhotetsa chiwongolero, tinatera pa mulu wa mchenga pageti penipeni. Magetsi aja atafika pamene tinatsikira anapeza palibe munthu, anachita manyazi, n'kuzimanso mpaka Khirisimasi.

Anamwino anawanyamula mayi a Rudo osandifunsa ngakhale dzina. Anawagoneka pa bedi lija la bowo pakati, dripu mkono uwu, dripu mkono uwo, Rudo analowa nawo, ine anandithira mankhwala m'manja ndi kumapazi n'kunditulutsa. Pamenepo mphamvu zonse zinandithera. Ndinakhala pansi m'matope nditatsamira tayala, ndikuona anthu ena akutulutsidwa atakulungidwa m'mapulasitiki, ndipo aliyense akamatuluka ndinkayang'ana kumapazi kuti ndione ngati ndikuwadziwa. Mkazi ameneyu tinachoka naye kufamu atasenza mphika ndi mphasa, sanandisiye pamene ndinalibe ngakhale chitseko. Ndinalira, a Chisale, ndevu zonsezi zinanyowa.

Dzuwa litapendeka Rudo anatuluka, nkhope yonyowa koma akuseka, akuti amayi akukufunani. Ndinalowa, ndinawapeza maso abwerera m'malo mwake, akundiyang'ana. Ndinawerama kuti ndimve. Ndi kamawu kakang'ono ngati ka mwanapiye anati: "Bambo a Rudo, msana wanga wathyoka. Mukanatenga Dona." Ndinaseka mpaka namwino anandithamangitsa, chifukwa munthu amene wayambanso kukalipa ndiye kuti manda amukana. Kupuma kumene ndinapuma panja paja sindinapumeponso chikhalire.

Njati ndinadzaigulitsa kwa anthu ena okumba golide zinthu zitayamba kusintha, ndipo ndimamva kuti mpaka lero ikukwera mapiri. Tsono anyamata inu, posankha galimoto musamafunse matako, muzifunsa msewu wa kwanu.

Eya, a Chisale, ndikudziwa chimene chikukuseketsani m'mimbamo. Munamva kwa akazi anu zimene mayi a Rudo amauza anzawo kutchalitchi, zoti Njati inakana kulira tsiku limenelo, mafuta a tchipisi anangoitsamwitsa, ndiye ine ndi Rudo tinawakweza pa wilibala yobwereka n'kuwakankha m'matope njira yonse, kuwoloka mtsinje madzi ali m'chifuwa titainyamula m'mwamba. Tandiuzani, munthu amene maso anali atatembenuka, wosadziwa ngakhale dzina lake, angasiyanitse bwanji wilibala ndi galimoto? Rudo amavomereza za mayi ake, inde, mwana wamkazi ndi wotero. Zipsera izi m'manjamu ndi za chiwongolero, ndipo amene akutsutsa akanene kukhoti. Si mayi a Rudo awo akubwera apo, dengu pamutu, amoyo, ayamba kale kundiloza chala? Wilibala ingachite zimenezo? Ayi, khalani pansi, musawafunse lero. Atopa.